Kachipinda Kosatulutsa Mawu

Dilu yonse inabadwira pa mowa kwa Keti, kuseri kwa msika wa Mangochi, Lachitatu masana dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lili ndi chifukwa ndi munthu. Pansi pa mtengo wa mango panakhala amuna atatu amene tawuni yonse inkadziwa ntchito yawo, ngakhale iwo eni ankadziona ngati anthu achinsinsi kwambiri.

Mkulu wawo anali Simioni, wodzitcha Injiniya. Dzinali silinachokere kusukulu ayi. Chaka china ananyamulako masipika a disiko ya maukwati kwa milungu iwiri, mpaka tsiku limene analumikiza nthambo mosemphanitsa, zida zonse n'kufuka utsi mkwatibwi asanavine n'komwe. Kuyambira pamenepo nkhani iliyonse ya magetsi ankailowerera ngati ndiye anawatulukira.

Wachiwiri anali Maurice, amene aliyense ankamuti Mcheni chifukwa anali wowonda, wamtali, mano ali pamtunda ngati nsomba ija. Kwawo ku Malindi ankaimba m'kwaya, mpaka kabelu ka m'tchalitchi katapezeka kakulira panjinga yake. Luso limene anatsala nalo linali la likhweru.

Wachitatu anali Bakali, amene ankamutcha Bombe ngati nsomba yaikulu ya m'nyanja ija, chimunthu chachikulu chofatsa. Mowa wake ankamwera m'kapu ya tiyi, n'kumauuzira ngati ukuwotcha, kuti Asilamu anzake odutsa aziti akumwa tiyi. Palibe amene anapusitsika.

"Amwene, tamverani kuno," anatero Simioni akusendeza benchi. "Mukumudziwa Hidaya uja anali ku Joni? Wamanga situdiyo kuseri kwa nyumba yake. Situdiyo yeniyeni yojambulira nyimbo. Zida zake, aise, munthu ukanyamula kamodzi basi, ukhoza kupuma chaka chonse."

"Mwaziona ndi maso anu, Biggie?" anafunsa Mcheni.

"Ine ndi Injiniya, mphwanga. Ndinalowamo. Ndinaziyeza ndi diso."

Bombe anangouzira kapu yake, maso ali kumbali. Anali ndi chifukwa. Iye anali mkamwini ku Mpondasi, ndipo panali patangotha miyezi inayi chitulukireni kundende pa nkhani ya injini ya boti imene inapezeka pansi pa bedi lake. Tsiku limene anatuluka, mkazi wake Amida sanalalate. Anamuthirira madzi osamba, anamupatsa chakudya, kenaka anatenga chikwama chake cha zovala n'kuchipachika pa msomali kuseri kwa chitseko.

"Bambo a Nuru," anatero Amida, "chikwama ichi sindichimasula. Mukadzabanso, ngakhale singano, mudzachipeza panja. Pano ndi pakwathu. Amayi anga atopa kuyenda chowerama."

Ndipo Bombe ankamukonda Amida. Izi ndikunena poyera chifukwa n'zoona. Munthu ameneyu akanatha kugona ndi njala, akanatha kupirira zikoti, koma kupeza chikwama chija chili panja sakanatha kupirira.

"Ine mundikhululukire," anatero. "Ndinalumbira."

"Unalumbira kuti sudzagwidwa, kapena kuti sudzaba?" anafunsa Simioni. "Chifukwa zimenezi ndi zinthu ziwiri. Ulendo uja unagwidwa chifukwa unalibe pulani. Ine ndili ndi malamulo atatu. Loyamba, mafoni timasiya kunyumba, foni ndi kazitape. Lachiwiri, ukalowa pakhomo paliponse, tseka chitseko. Chitseko chotsegula chimaitana maso. Lachitatu, tenga cholemera. Pa zida zamagetsi, chikalemera ndiye kuti ndi chenicheni. Ndiye pamenepo tikufuna msana wako, Bombe."

"Nanga nthawi yake?"

"Lachisanu masana, pa swala. Amuna onse a dera lija amakhala ali mumzikiti. Msewu umakhala zii. Tikulowa, tikunyamula, tikuvaya. Iwo akamati amini, ife tili kuno kwa Keti."

Mcheni anaomba m'manja. Keti, amene ankatsuka mabotolo chapafupi ndipo anamva zonse, anangopukusa mutu n'kunena kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Simioni anamuuza kuti azisamala za mabotolo. Pofika kapu yachinayi ya tiyi wake uja, Bombe anali atavomera kuti ulendo uno wokha, womaliza.

Tsono ndikuuzeni za Hidaya, chifukwa amuna awa sankadziwa munthu amene ankafuna kumuyamba.

Hidaya anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi akukolopa m'situdiyo ya eni. Ankakolopa ndi manja, maso ali kwina. Anaona momwe amaimikira maikolofoni, momwe amapindira nthambo, ndi momwe anthu odziwa ntchito ankasekera anyamata obwera ndi zida zikuluzikulu zongodzionetsera. Atabwerera kwawo anali ndi cholinga chimodzi, choti amayi oimba kaswida, nyimbo zija za Chisilamu, komanso makwaya ndi anyamata a nyimbo zawo asamakwerenso minibasi mpaka ku Blantyre kukajambulitsa nyimbo imodzi.

Zida anasankha ngati mayi wosankha nsomba padoko, osayang'ana kukula koma maso ake. Anagula maikolofoni imodzi yokha, koma yakumva, yoti nyerere ikatsokomola imatola. Anagula kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta, kakang'ono ngati sopo wochapira. Laputopu inali yakale, yong'aluka pakona, yomata ndi tepi, koma mkati munali mwamphamvu. Panali mahedifoni awiri ndi timasipika tiwiri tating'ono tomwe sitinama, mawu akakhala oipa timanena kuti ndi oipa.

Ndalama zake zenizeni zinapita ku makoma. Boizikota ya kuseri kwa nyumba anaigawa pawiri. Mbali yakunja munali tebulo la zida. Mbali yamkati munali kachipinda koimbiramo, kokwana anthu awiri oonda. Makoma ake anawamanga awiriawiri, pakati n'kuthiramo utuchi, pamwamba n'kumata siponji ya matiresi ndi matileyi a mazira. Kawindo kake kanali kakang'ono ngati mbale, ka magalasi awiri okhuthala. Chitseko chinali cha matabwa awiri, pakati chothira mchenga wa mu Shire, ndipo chinkatsegukira mkati. Chinali ndi kalema kamodzi. Chogwirira cha mkati chinkanjenjemera oimba besi akatsitsa mawu, maikolofoni ija n'kumachitola. Hidaya anachichotsa kuti adzachibwezeretse akapeza labala. Pakadali pano woimba akamaliza ankamutsegulira yekha kuchokera kunja.

Simioni analowamodi, sananame. Anapita ngati wogulitsa matileyi a mazira, ndipo Hidaya anamulola kuti awaike pakona. Maso ake anadutsa pa laputopu yomata ija n'kuinyoza. Anadutsa pa kabokosi konga sopo, osakaona n'komwe. Kenaka anasuzumira pakawindo, ndipo mkati mwa kachipinda kaja, pakona, anaona chibokosi chachikulu chakuda cha sipika, chofika m'chiuno. Ananena mumtima kuti chuma chimakhala kuseri kwa chitseko chokhuthala, ndipo sanafunsenso china. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu linafika. Amida anadzuka m'mawa n'kukazinga mandasi, chifukwa tsiku limeneli ankagulitsira panja pa mzikiti anthu akamatuluka.

"Lero mupita kukaswali?" anafunsa akusenza beseni.

"Ndipita, mayi a Nuru. Ndingodutsa kaye kudoko, akuti kuli ganyu yotsitsa matumba."

"Foni mwaiwala pampandopo."

"Ilibe moto."

Amida anayang'ana foniyo, anayang'ana mwamuna wake, kenaka anayang'ana msomali wa kuseri kwa chitseko. Anangotuluka.

Nayenso Hidaya anali ndi pulani yake ya Lachisanu. Mzikiti unali pafupi ndi nyumba yake, ndipo chimkuzamawu chake chinkamveka mpaka kutsidya la mtsinje. Iye ankafuna kudziwa ngati makoma ake akugwiradi ntchito. Njira yake inali yapafupi, kusiya maikolofoni ikujambula m'kachipinda mopanda munthu pa ola laphokoso kwambiri pa mlungu wonse, n'kudzamvetsera pambuyo pake ngati azana, kuitanira anthu ku swala kuja, kapena ulaliki walowa. Choncho anadina batani, mzere wofiira unayamba kuyenda pa laputopu, kababu kofiira kanayaka pamwamba pa chitseko. Anakhoma boizikota n'kupita kwa mchemwali wake Victoria wogulitsa tomato, kuti ngakhale mapazi ake asamveke.

Azana itangotha, anyamata athu anatulukira ndi wilibala yobwereka. Msewu unalidi zii. Simioni anayang'ana anzake ngati munthu amene analamula yekha kuti kukhale bata.

"Mcheni, iwe pampanda. Ukaona munthu, likhweru kawiri. Ukaona mwini wake, katatu."

"Shapu, Biggie."

Loko anamuthyola ndi chitsulo chochotsera matayala. Analowa awiri, Simioni n'kutseka chitseko chakunja monga mwa lamulo lachiwiri. Chitsulo chija anachiika patebulo pafupi ndi laputopu.

"Injiniya, nanga chofiira chikuyendachi n'chiyani?" anafunsa Bombe.

"Ikutchaja."

"Nanga babuyu?"

"Akusonyeza kuti magetsi alipo. Usamafunse za ntchito za eni, iwe nyamula."

"Kakompyutaka titenge?"

"Kong'alukako? Ndi timasipika ta pa wailesi ya agogoti? Ukufuna anthu atiseke? Katundu ali umo."

Anatsegula chitseko cholemera chija n'kulowa m'kachipinda. Simioni anachikankha ndi chidendene, ndipo chinatsekeka mofatsa, khethe, ngati chitseko cha firiji. Phokoso lonse la dziko linazima. Ulaliki wa kumzikiti, nkhuku, njinga zamoto, zonse zinatsala kunja.

"Ukuona?" anatero Simioni. "Muno tikhoza kuyankhula mmene tifunira, palibe angamve. Ntchito iyi ndi yophweka kuposa mbuzi ija ya a Ayubu."

"Ija tinadyera kwa Keti?"

"Yomweyo. Mpaka pano akuti inagwidwa ndi ng'ona. Mkulu ujanso ndi wogona."

Pakati pa kachipindako panaima maikolofoni, italendewera pa timalabala, kutsogolo kwake kuli kansalu kozungulira ngati sefa. Simioni anaizungulira n'kuigamula kuti ndi yachabe. Maikolofoni yeniyeni, anatero, imagwiridwa m'manja ndipo imakhala ndi switchi. Anagwada pa chibokosi chakuda chija n'kuyamba kuchimasula ndi mpeni kuti aone kukula kwa maginito ake asanavutitse msana wa munthu.

Bombe analibe chochita. Anaona mahedifoni atapachikidwa pa msomali, anawavala, n'kutsokomola pang'ono.

Chimene anamva chinamuimitsa mtima. Chifuwa chake chomwe chinamveka m'makutu mwake chachikulu, choyera, chokhala ndi kamchira kobwereza ngati ali m'phanga, chifukwa Hidaya anali atasiya eko ya amayi a kaswida amene anayeserera m'mawa. Bombe anati "Halo." Mawu anamuyankha ngati a munthu wolemekezeka, munthu woti sanagonepo m'selo.

Apa ndiyenera kuulula kanthu kena. Bakali asanakhale Bombe ankapalasa bwato, ndipo ankaimba. Iye anakopa Amida ndi nyimbo imene anapeka yekha, n'kumaiimba kuseri kwa mpanda wa kwawo mpaka amalume ake a mtsikanayo atatopa n'kuvomera. Atalowa m'banja, nyimbo inatha. Amida ankamupempha kawirikawiri kuti aiimbenso, iye n'kumati mawu anapita ndi fodya. Zoona zake zinali zoti ankachita manyazi. Munthu wobwera kunyumba ndi nkhuku za eni m'thumba sangayang'ane mkazi wake m'maso n'kumuimbira.

Koma muno munalibe maso. Anatsinzina, n'kuyamba chapansipansi.

"Amida, Amida, mwana wa ku Mpondasi,
ndinafika ndi bwato lopanda nkhafi.
Unati khala kaye mphepo idutse,
mphepo inadutsa, ine sindinachoke."

"Iwe, wapenga?" anatero Simioni mutu uli m'bokosi.

Bombe sanamve. Anaimba ndime yachiwiri, yachitatu, ndi ina imene anaiwala kuti ilipo. Misozi inkatsikira m'ndevu. Anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, ndipo ndikukuuzani, anaimba bwino.

Nthawi yomweyo thabwa la bokosi linachoka. Simioni anapisamo dzanja n'kutulutsa sanza. Anapisanso, kunatuluka diresi yakale, pilo wong'ambika, ndi theka la bulangeti. Munalibe maginito, munalibe sipika. Hidaya analitola kwa wokonza mawailesi lili gwangwa, n'kulidzaza nsanza kuti lizimeza mawu a besi pakonapo.

"Atibera," anatero Simioni mokwiya. "Mkazi ameneyu ndi kathyali. Tiye tikatenge kakompyuta komwe kaja."

Anatembenukira kuchitseko, natambasula dzanja, dzanjalo n'kugwira siponji. Anapapasa pamwamba, anapapasa pansi. Pamalo pa chogwirira panali kabowo kotsekedwa ndi thonje.

"Bombe, chogwirira waika kuti?"

"Ine ndachiona liti?"

"Kankha ndiye!"

Bombe anakankha ndi phewa. Chitseko chotsegukira mkati, chodzaza mchenga, sichinamve n'komwe kuti pali munthu. Anayesa kulowetsa zala m'mphepete, koma monse munali labala. Mpeni wa Simioni unathyoka pa ulendo woyamba. Pakawindo, chitsulo chawo chija chinkaoneka bwinobwino chili phee patebulo, pafupi ndi mzere wofiira umene unkangoyendabe.

"Imba foni kwa Mcheni."

"Lamulo loyamba, Injiniya."

Tsono kunja Mcheni anali pa ntchito. Anaona Hidaya akutulukira kumapeto kwa msewu ndi ambulera yake, ataima pang'ono kulonjerana ndi mayi wina. Analiza likhweru katatu. Zii. Analizanso katatu, kenaka kasanu, kenaka anayamba nyimbo yonse ya kwaya. Agalu a m'deralo anasonkhana. Milomo itauma, anathamangira mkati, n'kutseka chitseko chakunja mwaulemu wake.

Pakawindo anaona nkhope ziwiri zitakanikizana pagalasi, zikutsegula ndi kutseka pakamwa ngati chambo cha mu ukonde. Manja ankaloza chitseko. Mcheni anaganiza kuti akumuitana. Anatembenuza chogwirira, analowa chothamanga, ndipo pokhala mwana womvera malamulo, mwendo wake unachita zimene unaphunzitsidwa.

"Usatse..."

Khethe.

"Biggie, mwini wake akubwera! Bwanji simukumva likhweru?"

Zimene Simioni anayankha sindingazilembe, koma zilipo, zinajambulidwa bwinobwino.

Tangoganizani amuna atatu, mmodzi wa iwo Bombe, m'kachipinda ka anthu awiri oonda, masana a Okutobala ku Mangochi, makoma onse matiresi. Thukuta linayamba kuyenderera m'matileyi a mazira. Anayamba ndi kunyozana. Mcheni anakumbutsa Simioni za njinga ya mphunzitsi imene anagulitsa yekha osagawa. Simioni anakumbutsa Mcheni za sola ya magetsi ya pachipatala cha mishoni. Aliyense ankatchula mnzake dzina lenileni, la bambo ake ndi mudzi wake, kuti chipongwe chifike bwino. Atatopa, anthu amene anabwera mwakachetechete aja anayamba kukuwa ndi mphamvu zawo zonse.

"Akuba! Akuba kuno! Tithandizeni!"

Makoma a Hidaya anagwira ntchito yake. Ngakhale nkhuku imene inkatola pakhomo sinadzutse mutu.

Hidaya anapeza loko wothyoka, wilibala pakhomo. Mtima unamuthawa, chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi za mopu zinali m'chipinda chimenecho. Analowa msanga. Laputopu inalipo. Kabokosi kanalipo. Timasipika tinalipo. Kenaka anaona pakawindo maso asanu ndi limodzi.

Anakhala pampando pang'onopang'ono, anavala mahedifoni ake, anabweza zojambulidwa zija kuyambira pachiyambi n'kumamvetsera modumphadumpha. Kenaka anadina kabatani koyankhulira ndi woimba. Bombe anali akadavala mahedifoni, ndipo mawu a mkazi anamulowa m'mutu mwenimweni.

"Achimwene aakuluwo, ndime yachiwiri ija munatsika pang'ono. Koma mawu muli nawo."

Bombe anakuwa n'kudumpha, mutu n'kukagunda kudenga.

"Mayi, tsegulani, tikufa!" analira Simioni pa maikolofoni yachabe ija. "Ine ndi uja wa matileyi, ndinangobwera kudzaona ngati anakwana!"

"Akwana, sikomo," anatero Hidaya. "Ndipo ndathokoza. Ndimafuna kudziwa ngati phokoso la kunja limalowa. Inu mwandiyezeranso ngati la mkati limatuluka."

Anaimbira apolisi. Atatero anatuluka panja, nthawi yomwe swala inkatha, msewu wonse utayera ndi mikanjo ndi mizuli. Anangoti, "Abambo, tabwerani mudzaone alendo anga," ndipo bwalo linadzaza. Achinyamata ena anayamba kale kutola miyala ndi zibonga.

"Tsegulani, mayi, tiwaphunzitse!"

Hidaya anaima pakhomo manja m'chiuno. "Pano samenyerapo munthu. Mungandiswere zida. Mmene alilimo ndi mokhoma bwino kuposa kupolisi. Inu khalani pansi mumvere pulogalamu."

Anaika kasipika kamodzi pawindo, kamodzi ka timene Simioni anati n'ta wailesi ya agogo, ndipo kanadzaza bwalo lonse. Anthu anamva mawu a Injiniya ali gwa: "Muno tikhoza kuyankhula mmene tifunira, palibe angamve." Bwalo linagwa ndi phwete. Kenaka inafika mbuzi ya a Ayubu. A Ayubu anali pomwepo, kutsogolo, mikanda ya tasibihi ili m'manja.

"Ng'ona!" anakuwa mkuluyo. "Zaka ziwiri ndakhala ndikutukwana ng'ona yosalakwa! Ndipo akuti ndine wogona? Asitaghafirula, ndigwireni!"

Anthu anamugwiradi, akuseka mpaka kukhala pansi.

Kenaka kunamveka kutsokomola, ndi "Halo", ndipo nyimbo inayamba. Kuseka kunazilala pang'onopang'ono. Mawu aja anatuluka pawindo aakulu, ofewa, opanda manyazi, ndipo ngakhale anyamata a miyala aja anatsitsa manja. Kumbuyo kwa gulu kunali mayi wosenza beseni la mandasi amene anatsatira anthu poganiza kuti kuli malonda. Atamva dzina lake anaima. Atamva za bwato lopanda nkhafi anatula beseni pansi. Amayi amene anali pafupi anamuzindikira n'kumupatsa njira, koma iye sanasunthe. Anamvetsera ndime zonse, misozi ikutsika, osaipukuta. Nyimbo itatha kunamveka mawu a Simioni akuti "Atibera," anthu n'kuyambiranso kuseka. Amida yekha sanaseke.

Apolisi atafika, Hidaya anatembenuza chogwirira ndi zala ziwiri. Anatuluka atatu ali chinyowere ngati awavuula m'nyanja. Mcheni anathokoza wapolisi amene anamumanga. Simioni, unyolo uli m'manja, anapezabe mphamvu youza sajeni kuti chitseko chimenecho chinamangidwa mosatsata malamulo a uinjiniya. Sajeniyo anafunsa Hidaya ngati angapereke umboni.

"Ndikupatsani pa kadi," anatero Hidaya. "Mayina, midzi, milandu inanso itatu. Mawu ake ndi oyera, simuvutika."

Bombe anatuluka pomalizira, maso ali pansi. Anaona mapazi amene ankawadziwa, anaona chitenje chimene ankachidziwa. Amida anamudutsa n'kupita kwa Hidaya, akumasula foni pa mfundo ya chitenjecho.

"Achemwali, ndiikireni nyimbo ija. Yokhayo, zinazo ayi."

Hidaya anamuyang'ana. Anadula nyimboyo pamene inayambira ndi pamene inathera, n'kuitumiza. Bombe ataona zimenezi, kachiyembekezo kanamudzukira mumtima, ndipo ine ndinamumvera chisoni, chifukwa nkhope yake inawala ngati ya mwana.

"Mayi a Nuru, mwaimva?"

"Ndaimva, bambo a Nuru."

"Ndimaimbira inu."

"Ndikudziwa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikukupemphani m'nyumba mwathu, pamphasa pathu, inu n'kumati mawu anapita ndi fodya. Lero mawu apezeka m'nyumba ya eni, loko mutathyola." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nyimboyi ndiisunga, ndi yanga. Chikwama chanu mukachipeza kwa amalume anu."

Anasenza beseni lake, foni n'kuiika pamwamba pa mandasi ikuimba nyimbo ija, nauyamba wa ku Mpondasi. Sanatembenuke. Bombe ankakwera galimoto ya polisi mawu ake omwe akumveka chapatali kuchokera m'beseni muja, akulonjeza msewu wonse kuti mphepo inadutsa, iye sanachoke.